Mafunso ndi mayankho: mafupa a ana ndi kuvulala pa masewero

Awa ndi mafunso amene makolo, aphunzitsi a zamasewero ndi makochi a matimu a ana amabwera nawo kawirikawiri. Ena ndi okhudza khanda la masiku atatu, ena mnyamata amene wayamba kale kumera ndevu koma fupa lake likadali la mwana. Mavuto ambiri a mafupa a ana amatha kudikira, ndipo ena amatha okha osamwa ngakhale panado. Koma alipo ochepa osagoneka, oti akangogona usiku umodzi kapena uwiri mwana amatsala ndi chilema. Mayankhowa akulimbikira pa kusiyanitsa ziwirizi.

Kodi fupa la mwana limasiyana bwanji ndi la munthu wamkulu?

Thyolani nthambi youma ya bulugamu, imangoti thyo, n'kuduka pawiri. Yesani yaiwisi ya gwafa: imapindika, kung'aluka mbali imodzi, khungwa n'kugwirabe. Fupa la mwana ndi nthambi yaiwisiyo. Lakutidwa ndi kachikopa kokhuthala koyenda magazi ambiri, n'chifukwa chake limalumikizana msanga. Fupa la ntchafu la khanda limagwirana m'masabata atatu, pomwe la bambo ake lingatenge miyezi itatu kapena inayi. Likagwirana mokhota pang'ono, nthawi zambiri limadziwongola lokha mwana akamakula.

Kufooka kwake kuli kumapeto. Fupa lililonse lalitali lili ndi kachigawo ka chicherechere pafupi ndi mfundo, ndipo pamenepo ndi pomwe limakulira. Kachigawoka n'kofewa kuposa mitsempha yomanga mfundoyo. Ndiye kugwa kumene wamkulu angangobinya nako, mwana amathyoka nako pokulira fupa, ndipo pakawonongeka mwendo ungafupike kapena kukula mokhota patapita zaka. Malo okulirawa amatsekeka atsikana akafika zaka za m'ma 14 mpaka 16, anyamata 16 mpaka 18. Paja ndi malo omwewa amene bungwe la FIFA linayamba kuwajambula padzanja ndi makina a MRI mu 2009, pofuna kugwira abambo onamizira kuti sanakwane zaka 17. Pa msinkhu munthu anganame ndi pakamwa, fupa ayi.

Mwana wagwa. Ndidziwa bwanji ngati wathyoka kapena wangobinya?

Ndi maso okha simungatsimikize, ngakhale ogwira ntchito kuchipatala amadalira kujambula. Koma pali zokuchenjezani. Ngati sangaponde n'kuyenda mapazi anayi, ngati mukadina pafupa penipeni osati pamnofu akulumpha, ngati patupa msangamsanga, ngati mkono wakhota kapena akuunyamula ndi dzanja linalo osalola munthu kuukhudza, muyeseni wothyoka mpaka X-ray ikane.

Tayani chikhulupiriro chija choti "akugwedeza zala, ndiye sanathyoke". Zala zimagwedezeka bwinobwino fupa la mkono litathyoka. Ndipo mwana wa zaka ziwiri sanena pomwe pakupweteka. Amangosiya kuyenda, kubwerera kukwawa kapena kufuna kuberekedwa tsiku lonse.

Ndichite chiyani tisanafike kuchipatala?

Musawongole, musakoke, musasisite. Pezani katoni yolimba, thabwa lopyapyala kapena nyuzipepala yokulunga, yalanipo nsalu, gonekanipo mkono kapena mwendowo momwe ulili, mumange momasuka moti chala chanu chizitha kulowa pansi pa chomangiracho. Mkono muukoleke m'khosi ndi chitenje. Chibangili, mphete kapena kachingwe kalikonse padzanja muchotseretu kutupa kusanafike.

Ngati fupa latulukira kapena pali bala pamwamba pa pothyokapo, phimbani ndi nsalu yochapa, musalibwezere mkati, musathirepo dothi, phulusa kapena mankhwala otsukira mkamwa. Bala lotere limafuna kutsukidwa ku fiyeta, jakisoni wopha tizilombo ndi wa kafumbata tsiku lomwelo. Chinanso chimene ambiri amachita mwachifundo koma chimachedwetsa chithandizo: kumudyetsa mwana nsima panjira kuti "apeze mphamvu". Ngati mkono ukuoneka wokhota, mwina afunika kugonekedwa ndi mankhwala, ndipo wodya amadikiritsidwa maola asanu ndi limodzi. Panado mupatseni ndi madzi pang'ono, basi.

Ngati n'kubinya chabe, ikanipo chozizira kwa mphindi 15 mutachikulunga m'nsalu. Mafilizesi ogulitsa m'mbali mwa bwalo amagwira ntchitoyi bwino lomwe. Kuthowa ndi madzi otentha masiku awiri oyambirira kumangowonjezera kutupa.

N'chifukwa chiyani kuthyoka pachigongono amakuopa chonchi?

Mango akayamba kupsa, kuyambira Novembala mpaka Januwale, m'mawodi a ana mumadzaza anyamata ndi atsikana a zaka 5 mpaka 10 amene mkono uli m'khosi. Nkhani yake imakhala imodzi: nthambi inathyoka, mwana anatsogoza dzanja pofuna kudziteteza, fupa n'kuduka pamwamba penipeni pa chigongono, pomwe ndi lopyapyala.

Choopsa si fupalo. Kutsogolo kwa malo amenewa kumadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi kudzanja, pamodzi ndi mitsempha yoyendetsa zala. Nsonga ya fupa lothyokalo imatha kuupana kapena kuubaya. Kutupa nako kukachuluka, minofu ya mkono imafinyika m'kati mwa chikopa chake chosatambasuka, magazi n'kulephera kulowa. Pakatha maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu minofuyo imayamba kufa. Ikafa imasanduka chipsera, n'kukoka zala kuti zipindike ngati phazi la nkhuku. Fupa lidzapola, koma dzanjalo silidzagwiranso cholembera bwino, kapena khasu.

Zizindikiro zake ndi izi: ululu wokulirakulira wosamva panado, mwana kukuwa mukayesa kumuwongola zala, dzanja lozizira, lotuwa kapena lochita dzanzi. Zikaoneka, kaya ndi pakati pa usiku, kaya mvula ikugwa, fufuzani njinga yamoto. Kukacha kumakhala kutada kale.

Kwathu kuli agogo odziwa kumanga mafupa. Kulakwa kupita kumeneko?

Ndinene chilungamo: ambiri amene amapita kwa agogo otere amachira. Koma amachira chifukwa fupa la mwana limalumikizana lokha ukangolisiya phee, osati chifukwa cha mizu kapena mphini. Mbiri ya agogo imakula ndi mafupa amene akanapola ngakhale kunyumba.

Vuto limabwera pa ochepa aja ofuna chithandizo china. Timitengo ta nsungwi tomangidwa ndi luzi mothinitsa pa mkono umene ukutupabe timatseka magazi ndendende monga tafotokozera pamwambapa, ndipo ana ena adulidwa mikono chifukwa cha chomangira, osati chifukwa cha kugwa. Mphini zotemedwa pamalo otupa zimalowetsa tizilombo mpaka kufupa. Fupa lothyokera pa mfundo kapena pokulira, likapanda kubwezedwa pamalo pake m'sabata yoyamba, limagwirana molakwika ndipo kulikonza kumafuna opaleshoni yaikulu. Agogo alibe X-ray yoti aone kuti uyu ndi wa gulu liti. Yambirani kojambula. Ndipo ngati munayamba mwapita kwa agogo, nenani poyera kuchipatala, musabise. Adokotala angakalipe pang'ono, komabe akufunika kudziwa tsiku lenileni limene mwana anagwa.

Tamuikitsa chikhakha. Tizisamala bwanji?

Masiku awiri oyamba mkono kapena mwendo uzikhala pamwamba, pa pilo kapena pa mulu wa zovala, ndipo mwana azigwedeza zala pafupipafupi. Chikhakha cha POP chikanyowa chimafewa ngati phala, choncho posamba kapena poyenda pamvula chikulungeni m'jumbo. Chikamayabwa, ana amalowetsamo kamtengo, waya kapena bolopeni, chotsekera chake n'kutsalira momwemo, kenaka chilonda. Mukamva fungo kapena mukaona madzi akutuluka, bwererani.

Zala zikatupa kwambiri, kuzizira, kuchita dzanzi, kapena ululu ukamakula m'malo mochepa, bwererani tsiku lomwelo akaching'ambe. Tsiku lobwerera limene alemba m'buku la kuchipatala musalidumphe, makamaka la sabata yoyamba, chifukwa kutupa kukaphwa chikhakha chimakhwepa ndipo fupa limatha kusuntha. Komanso musachichotse nokha ndi chikwanje poti mwana wayamba kuthamanga. Ululu umatha fupa lisanalimbe.

Mwana sanagwe, koma mwendo watupa, watentha ndipo thupi latentha. Ndi malungo?

Funso ili ndi limene ndimafuna kholo lililonse litaliloweza. Kwathu kuno kutentha thupi kulikonse timakutcha malungo, ndipo mwana amatha kupezekadi ndi tizilombo ta malungo m'magazi, kupatsidwa LA n'kubwerera kunyumba, pomwe vuto lenileni lili m'fupa. Malungo amaphwanya thupi lonse. Satupitsa bondo limodzi, saletsa mwana kuponda ndi mwendo umodzi.

Tizilombo, makamaka totchedwa Staphylococcus aureus, timalowa m'magazi kudzera pa chithupsa, pachilonda kapena pa mphere zokandakanda, n'kukakhazikika kumapeto kwa fupa pomwe magazi amayenda pang'onopang'ono. Mafinya amasonkhana m'kati mwa fupa, malo opanda potulukira. Akagwidwa masiku awiri kapena atatu oyamba, mankhwala a m'dripu amathetsa nkhani. Akachedwa, mafinyawo amasenda kachikopa kodyetsa fupa kaja, chigawo cha fupa n'kufa. Ndiye aja ana amene mumawaona ali ndi kabowo pamsongolo kotuluka mafinya chaka ndi chaka, kutseka, kutsegukanso. Kabowo kotere sikapola ndi makapisozi a pagolosale, chifukwa mankhwala safika m'fupa lakufa. Pamafunika opaleshoni yolichotsa, nthawi zina kangapo.

Mafinya akakhala m'mfundo yeniyeni, monga m'chiuno kapena m'bondo, nthawi imachepa koposa. Amasungunula chicherechere m'masiku ochepa, ndipo chikapita sichibwerera. Khanda lotere silitentha thupi nthawi zonse. Limangosiya kugwedeza mwendo umodzi n'kumalira mukamalisintha thewera.

Kuchipatala musangonena kuti "watentha thupi". Nenani kuti "akukana kuponda, ndipo apa patupa", muloze. Ana a matenda a magazi otchedwa sickle cell amavutika ndi mafupa pafupipafupi ndipo matenda a m'fupa amawagwira msanga, choncho iwo asachedwe n'komwe. Pali mtundu winanso: ululu woyendayenda, lero bondo, mawa kakolo, mkuja chigongono, patapita masabata awiri kapena atatu mwana atadwala zilonda za pakhosi. Umenewu mfundo zimachira, koma umaluma mtima, ndipo mwana amafunika kupimidwa mtima ndi kulandira jakisoni wa penisilini mwezi ndi mwezi.

Mwana wanga ali ndi matewe. Adzawongoka?

Ambiri amawongoka. Ana amayamba kuyenda miyendo ili yokhotera kunja, pofika zaka ziwiri yawongoka, pa zaka zitatu kapena zinayi mawondo amayamba kugundana, ndipo pofika zaka 7 kapena 8 zakhazikika. Kumubereka kumbuyo sikuyambitsa matewe, apongozi anene zimene anganene.

Pitani naye akamuone ngati mwendo wokhota ndi umodzi, ngati kukhotako kukukula atapitirira zaka ziwiri kapena zitatu, ngati ndi wamfupi kwambiri poyerekeza ndi anzake, kapena ngati mfundo za m'manja zatupa ndipo pa nthiti pali timibulu. Zotere zimaloza ku mafupa ofewa chifukwa chosowa kashiamu kapena vitamini D. Dzuwa tili nalo lokwanira, kashiamu ndiye amaperewera mwana akamangodya phala loyera. Ena ndi vuto la pokulira fupa pansi pa bondo, ndipo akabwera akadali kukula madokotala amangoika kachitsulo kakang'ono mbali imodzi, mwendo n'kudziwongola wokha pakapita miyezi. Akabwera atakula, fupa limachita kudulidwa.

Khanda labadwa ndi mapazi opindikira mkati. Tidikire likule kaye?

Ayi. M'mera mpoyamba. Vutoli limagwera mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000, anyamata kuposa atsikana, ndipo theka la iwo amakhala mapazi onse awiri. Si mayi amene analakwa, si chakudya chimene anadya ali woyembekezera, ndipo palibe amene analodza.

Chithandizo chake chimatchedwa njira ya Ponseti, kuchokera kwa Ignacio Ponseti, dokotala wobadwira ku Spain amene anagwira ntchito ku Iowa m'dziko la America mpaka kumwalira kwake mu 2009. Iye anaona kuti mapazi ochitidwa opaleshoni yaikulu amauma ndi kupweteka munthu akakula, pomwe mitsempha ya khanda imatambasuka ukamaikoka pang'onopang'ono. Ndiye sabata iliyonse phazi limawongoledwa pang'ono ndi manja n'kuikidwa chikhakha chofika m'ntchafu, kasanu mpaka kasanu ndi katatu. Pomaliza ana ambiri amadulidwa mtsempha wa kuchidendene, kabala kake kochepa ngati njere ya mpunga, n'kuvala chikhakha chomaliza masabata atatu. Ana 9 mwa 10 aliwonse phazi limawongoka.

Apa ndi pomwe makolo ambiri amagwera. Phazi looneka bwinolo limafuna kubwerera. Mwana amayenera kuvala nsapato ziwiri zolumikizidwa ndi kachitsulo, maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu, kenaka usiku wokhawokha mpaka zaka zinayi kapena zisanu. Mtundu wotsika mtengo wa nsapatozi, wa Steenbeek, unapangidwa ku Uganda poganizira mabanja ngati athuwa. Masiku oyamba mwana amalira, agogo n'kunena kuti mukumuzunza, bambo n'kuti phazi lachira kale, nsapato n'kukwera padenga. Pakatha chaka abwereranso phazi litapindika. Pirirani sabata yoyamba, mwana amazolowera n'kumamenya miyendo yonse pamodzi.

Wayamba kale kuyendera kunja kwa phazi? Musataye mtima, bweretseni. Zikhakha zimachuluka ndipo mwina pafunika opaleshoni, koma ana a zaka zisanu ngakhale khumi amathandizidwa.

Ndinamukoka dzanja pomubereka, tsopano mkono wangoti lende.

Izi zimachitika kwa ana osakwana zaka zisanu, akanyamulidwa ndi dzanja limodzi kuponyedwa kumsana kapena kudumphitsidwa ngalande. Kamutu ka fupa la pachigongono kamapulumuka pang'ono m'kamtsempha kokazinga. Sipatupa, mwana amangoleka kugwiritsa ntchito mkonowo. Wodziwa amaubweza m'kamphindi, ndipo pakatha mphindi khumi mwana akulandira bisiketi ndi dzanja lomwelo. Musayese nokha, mwina n'kuthyoka. Kuyambira pamenepo muzimunyamulira m'khwapa.

Mnyamata wanga wa zaka 13 amadandaula pansi pa bondo akamenya mpira, ndipo patuluka kachotupa kolimba.

Kawirikawiri ili ndi vuto limene madokotala awiri, Robert Osgood wa ku America ndi Carl Schlatter wa ku Switzerland, analifotokoza aliyense payekha mu 1903. Mwana akamakula mothamanga, fupa limatalika msanga kuposa mnofu. Mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu umakhala wokokeka, ndipo akamathamanga, kudumpha ndi kumenya mpira umakoka pamalo pomwe mtsempha wake wamera pamsongolo, pomwe pakadali pofewa. Zofanana zimachitika kuchidendene kwa ana a zaka 8 mpaka 13, makamaka osewera opanda nsapato pa bwalo louma gwa la mwezi wa Okutobala.

Si choopsa, ndipo chimatha chokha akamaliza kukula, ngakhale kachotupako kamatsala. Sakufunika kusiyiratu mpira. Achepetse mpaka ululu ukhale woti sakutsimphina nawo, aziika chozizira akamaliza, aziwongola minofu ya ntchafu ndi ya katumba tsiku ndi tsiku. Koma ululu womudzutsa usiku, kutupa kokulirakulira pamwamba kapena pansi pa bondo, kapena kuwonda, si za kukula zimenezo. Khansa ya m'mafupa ndi yosowa, koma imakonda msinkhu womwewu ndi malo omwewa. Akajambulidwe.

Akuti bondo likupweteka, koma bondolo likuoneka bwinobwino.

Yang'anani m'chiuno. Mtsempha womva ululu wa mfundo ya chiuno umafikanso ku bondo, ndiye mwana amaloza kolakwika. Mwa achinyamata a zaka 10 mpaka 16, makamaka onenepa, mutu wa fupa la ntchafu umatha kutsetsereka pamalo pokulira paja. Amatsimphina, phazi likuloza kunja. Ameneyu asapondenso, anyamulidwe kupita kuchipatala, ndipo mupemphe kuti ajambule chiuno, osati bondo lokha. Kutsetserekako kukagwidwa kuli kochepa, chitsulo chimodzi chimakwana.

Msana nawo chimodzimodzi: mwana sadwala msana ngati nkhalamba. Ululu wa msana wopitirira masabata angapo, kutuluka thukuta usiku, kapena kalinunda koyamba kutuluka, ganizirani TB ya msana. Imachira ndi mankhwala aulere, bola isanafoole miyendo.

Kochi akuti mwana wanga ali ndi luso, azichita matreningi tsiku lililonse. Ndilole?

Bungwe la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo mwana woyenda wapansi kupita kusukulu, kutunga madzi, kusewera fulaye, phada ndi chikulunga amapitirira pamenepo osadziwa. Zimenezo n'zabwino, chifukwa thupi likugwira ntchito zosiyanasiyana ndipo akatopa amakhala pansi yekha. Zimene zimavulaza ndi chinthu chimodzi chobwerezabwereza, pali wamkulu ndi wezulo woletsa kupuma.

Madokotala a zamasewero ali ndi muyeso wosavuta kukumbukira: maola a matreningi ndi magemu pa sabata asapose zaka za mwanayo, ndipo pakhale tsiku limodzi kapena awiri opuma. Werengani zonse pamodzi. Mwana waluso amamulimbirana: timu ya sukulu, ya m'dera, ya kutchalitchi, Loweruka bonanza ya magemu atatu. Kochi aliyense amaona ngati akumugwiritsa ntchito pang'ono. Ndi kholo lokha limene limaona zonse.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi kuponya mnyamata wa zaka 14 mu timu ya akuluakulu chifukwa pabonanza pali mbuzi kapena K50,000. Ndinaonapo wotere akulowedwa ndi bambo wa ana atatu, mwendo kumveka ngati nkhuni, anthu n'kumati "ndi mpira umenewo". Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika.

Kunyamula zitsulo kumafupikitsa mwana?

Ayi, zikachitika moyenera. Kudzikweza ndi manja, kunjuta ndi kunyamula zopepuka kambirimbiri pali womuyang'anira kumalimbitsa mafupa. Choopsa ndi mpikisano wonyamula zitini za simenti kuseri kwa nyumba kuti aone mwamuna ndani.

Chifukwa chiyani atsikana a ntchemberembaye amavulala mawondo chonchi?

M'kati mwa bondo muli mtsempha wotchedwa ACL woletsa msongolo kutsetsereka ndi kupotokola. Atsikana akatha msinkhu amauduka kuwirikiza kawiri kapena kupitirira poyerekeza ndi anyamata a masewero omwewo, kwakukulu chifukwa potera amawongola mwendo, bondo n'kugwera mkati. Malamulo a ntchemberembaye amawonjezera: walandira mpira uli pa liwiro, uime pomwepo. Pa bwalo la simenti phazi limamatirira, thupi n'kupitirira. Nthawi zambiri palibe amene wamugunda. Amangomva kuti pho, n'kugwa, bondo n'kutupa pasanathe maola awiri.

Sizisankha. Mwawi Kumwenda, amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa chikho cha dziko lonse cha 2015, anaduka mtsemphawu mu 2018 akusewerera Melbourne Vixens. Anabwerera, ndipo mu 2020 anali katswiri wa gemu yomaliza pamene timu yake inatenga ligi ya ku Australia. Koma iye anali ndi madokotala ndi omulimbitsa thupi miyezi yonse ya kuchira. Mtsikana wa ku sekondale ya kumudzi zimenezo alibe, choncho kwa ife kupewa ndiye mankhwala.

Kupewako n'kwaulere. Ndondomeko yotenthetsa thupi ya FIFA 11+, ya mphindi 20, inayesedwa pa atsikana a mpira wamiyendo ku Norway ndipo inachepetsa kuvulala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ilinso ndi ya ana aang'ono. Mfundo zake kochi aliyense angaziphunzitse: kuima ndi mwendo umodzi uku mukuponyerana mpira, kudumpha n'kutera mwakachetechete mawondo atapindika, bondo liloze komwe chala chachikulu chikuloza, kulimbitsa minofu ya kuseri kwa ntchafu ndi ya pamimba. Kawiri pa sabata, osati kuzungulira bwalo kamodzi kenaka wezulo.

Agundana mitu, wadzuka ndipo akuti ali bwino. Apitirize?

Atuluke, ndipo tsiku limenelo asabwererenso. Chizolowezi chomuthira madzi kumutu n'kumukankhira m'bwalo chithe. Ubongo umatha kugwedezeka munthu osakomoka. Mufunseni kuti tikusewera ndi ndani, wagoletsa ndani, ndi hafu iti. Onani ngati akudzandira, ngati maso angoti tong'o, ngati akumva chizungulire kapena mutu. Kugundidwa kachiwiri ubongo usanachire n'koopsa kwambiri kwa ana kuposa akulu.

Usiku umenewo asagone yekha. Akasanza kangapo, akakomoka, akagwa ngati wakhunyu, mutu ukamakula, akamavuta kudzutsa, mbali imodzi ikafooka kapena m'khutu mukatuluka madzi kapena magazi, thamangirani kuchipatala. Ngati akudandaula khosi, musamunyamule mwachisawawa. Akakhala bwino apume masiku awiri, ayambe sukulu kaye, kenaka kuthamanga pang'ono, mpira pomaliza. Malangizo a ku Britain a 2023 amati asabwerere pa mpikisano pasanathe masiku 21. Za kumenya mpira ndi mutu, ku America analetsa ana a zaka 10 kutsika pansi mu 2015. Ife amene ana athu amasewera ndi mpira wa akulu, wolemera ndi matope, tili ndi chifukwa chokulirapo.

Azidya chiyani, azimwa chiyani?

Palibe chakudya chapadera. Usipa, matemba ndi kapenta zodyera limodzi ndi minga yake ndi nkhokwe ya kashiamu yoposa zambiri za m'mashopu. Onjezani bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, nyemba, soya, mazira, ndi mkaka kapena chambiko zikapezeka. Vuto lalikulu si mtundu wa chakudya koma mwana amene wachoka m'mawa osadya, kuweruka 2 koloko n'kupita ku treningi m'mimba muli mbee. Mbatata yophika, nthochi kapena botolo la thobwa m'chikwama zimasintha zambiri.

Madzi amwe asanayambe, pakati ndi pomaliza, ndipo nyengo yotentha magemu a ana asaikidwe dzuwa lili paliwombo. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu zili ndi kafini wambiri, zimathamangitsa mtima ndi kulanda tulo, si za ana. Mtsikana wothamanga kwambiri amene wasiya kusamba miyezi itatu asanyalanyazidwe. Mukatsimikiza kuti si mimba, dziwani kuti thupi likuperewera chakudya, ndipo mafupa ake akufooka pa msinkhu umene amayenera kulimba.

Kumwetsa mwana mankhwala opha ululu monga bufeni kapena diclofenac kuti asewere gemu ndi kutseka pakamwa mlonda. Asipirini asapatsidwe mwana wosakwana zaka 16 pokhapokha adokotala atalemba.

Nanga wokomoka kapena kumva chifuwa kuthina akamathamanga?

Asiye masewero mpaka atapimidwa mtima. Kukomoka pakati pa liwiro n'kosiyana ndi kukomoka pa asembule chifukwa cha njala ndi dzuwa. Ngati m'banjamo wina anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono, auzeni adokotala.

Tipite kuti, ndipo zidzatidya zingati?

Yambirani pachipatala chapafupi, akutumizeni ku chipatala cha boma cha m'boma lanu. Kumeneko kuli akatswiri a mafupa otchedwa ma OCO (Orthopaedic Clinical Officers). Maphunziro awo anayambitsidwa mu 1985 ndi dokotala wa ku Canada, Edward Blair, ndipo mpaka lero ndi iwo amene amabwezeretsa ndi kumanga mafupa ambiri othyoka m'dziko muno. Zikawakulira amatumiza ku Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu kapena Mzuzu Central. Ku Lilongwe, pa Kamuzu Central, kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION mu 2023. Ku Blantyre kuli Beit CURE, chimene chinayamba mu 2002 ndipo chimachita maopaleshoni a mapazi opindika, matewe ndi zilema zina za ana kwaulere. Chinzake chili ku Lusaka. Zolimbitsa thupi pambuyo pa kuvulala zimapezeka m'zipatala zikuluzikulu ndi ku Kachere mu Blantyre.

M'zipatala za boma simulipira chithandizo. Zimene zimadya ndalama ndi thiransipoti, chakudya cha wodikirira ndi masiku osalima kapena osagulitsa. Pa mapazi opindika ulendo ndi wa sabata iliyonse, choncho khalani pansi ndi abale muwerengeretu musanayambe, kusiyana n'kulekezera pa chikhakha chachitatu. Buku la kuchipatala ndi zithunzi za X-ray muziyenda nazo ulendo uliwonse.

Achotsa chikhakha. Abwerere liti ku mpira?

Osati mawa lake. Mwendo umatuluka wowonda, wotuwa, mfundo zitauma, ndipo fupa la mkono limatha kuthyokanso pamalo pomwepo m'miyezi yoyambirira. Ana ambiri mfundo zimamasuka zokha ndi masewero a pakhomo, ndiye musamukoke chigongono mokakamiza kapena kumunyamulitsa ndowa kuti chiwongoke, chimangouma koposa.

Funsani amene anamuthandiza kuti masabata angati, chifukwa zimatengera fupa lake. Kenaka muyeseni pabwalo la pakhomo: ayende osatsimphina, adumphe kakhumi ndi mwendo wovulalawo monga akuchitira ndi winawo, athamange n'kukhota mwadzidzidzi mbali zonse ziwiri. Mawa lake m'mawa onani ngati patupa. Akapambana zonsezi ayambe matreningi opanda kulimbana kwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenaka alowe mphindi 20 zomaliza za gemu. Ngati anathyokera pokulira fupa, mubwerere naye kukajambulitsa pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndiponso pakatha chaka, ngakhale akhale akugoletsa Loweruka lililonse.